Nyenyezi zitatu, ndipo imodzi ndi ya mayi amene anandiimbira foni

Ndagwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni iyi, yothandiza osaona kusankha zovala, miyezi 6, ndipo chandilembetsa ndi imelo imodzi imene mpaka pano ikundiwawa.

Maso anga anatha pang'onopang'ono ndi matenda a glaucoma, choncho mitundu ndimaidziwa bwinobwino, kungoti sindiiona. Zaka zonsezi ndakhala ndikudalira mapini pa lebulo ya chovala: pini imodzi ndi chakuda, mapini awiri ndi chabuluu. Akathothoka pochapa ndinkaimba Be My Eyes, pulogalamu ina ya pafoni imene inayamba mu 2015, munthu wongodzipereka n'kundionera kudzera pa kamera. Ndi anthu abwino, koma si m'mawa uliwonse umene munthu ungafune kuonetsa mlendo wadirobu yako uli ndi thaulo lokha m'chiuno. Ndiye nditamva za iyi, yoti umajambula zovala zako zonse kamodzi, iyo n'kuzisunga, kenako n'kumakuuza kuti malaya awa ayenera thalauza liti, ndinalipira ya chaka chonse ija mosazengereza.

Tsiku la intavyu ya ntchito ndinadzuka kusanache, n'kuyatsa babu la kuchipinda. Ndinaloza kamera pa jekete, inati labuluu wodera. Pa thalauza, labuluu wodera, zikugwirizana. Inalankhula motsimikiza ngati telala amene anasoka yekha sutiyo. Ndinavala, ndinamanga tayi, ulendo. Nditafika, mayi wa pa risepishoni anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti, "Bambo, pepani, mwina mukudziwa kale, koma thalauza lanuli ndi labulawuni." Panali patatsala mphindi 10 kuti andiitane. Ndinakhala pamaso pa anthu anayi miyendo nditaibisa pansi pa tebulo, akundifunsa za luso langa, ine mtima uli pa thalauza. Anzanga osaona mukudziwa mmene zimakhalira: ukalakwitsa chovala, anthu sanena kuti wavala mothamanga, amati sungathe kudzisamalira. Ntchitoyo sindinaipeze. Sindikunena kuti thalauza ndi limene linandimanitsa, komanso sindinganene kuti linandithandiza.

Madzulo ake ndinalembera a kampaniyi, n'kufotokoza zonse, kuyambira ndi mawu akuti ndine wosaona. Patapita masiku anayi mnyamata wina anayankha kuti nditumize screenshot, chithunzi cha zimene zikuoneka pafoni, ndipo ndizungulize ndi mzere wofiira pamene pali vuto. Wofiira! Ndinamvetsera imeloyo katatu poganiza kuti foni yawerenga molakwika. Munthu ukugwira ntchito pa kampani yogulitsa pulogalamu kwa osaona, n'kumauza kasitomala kuti ajambule mzere wofiira? Sabata yomweyo anasintha pulogalamuyo, mabatani atsopano n'kubwera opanda mayina. TalkBack, imene imandiwerengera zolembedwa pafoni, inkangoti batani, batani, batani, ine n'kumagogoda kawiri mwachimbulimbuli, mpaka ndinafufuta malaya atatu amene ndinajambula movutikira. Zoti batani lachithunzi lizikhala ndi dzina loti foni iwerenge si zachilendo, zili m'malangizo a WCAG, othandiza kuti olumala azitha kugwiritsa ntchito intaneti, amene wopanga aliyense ayenera kuwadziwa. Ndinalemba kuti andibwezere ndalama zanga.

M'malo mwa ndalama, anandiimbira mayi wina amene ntchito yawo ndi kuyesa pulogalamuyi, nawonso osaona. Sanaikire kumbuyo aliyense. Anangondifunsa kuti, "Bambo, munajambula pa kuwala kotani?" Anandifotokozera kuti kamera imangoona kuwala kumene nsalu ikubweza. Babu langa ndi lija lowala mwachikasu, komanso lofooka, ndipo pa kuwala koteroko buluu wodera, bulawuni wodera ndi chakuda zimafanana. Foni imayesa kukonza mitundu pongoganizira chimene chili choyera pachithunzi, ndiye ikasowa choyera imasochera. Anati ndizijambula pafupi ndi windo masana, n'kuika pepala loyera pambali pa chovala. Tinacheza pafupifupi ola lathunthu, mpaka anandiuza za tsiku limene iwo anapita ku ofesi atavala nsapato imodzi yakuda, ina yabuluu. Ndinaseka koyamba sabata imeneyo.

Ndinajambulanso wadirobu yonse motsatira malangizo awo, ndipo kunena zoona, chiyambireni sinandinamizenso pa zovala za mtundu umodzi. Tsiku lina inandichenjeza za dontho la inki pathumba la malaya oyera, limene zala zanga sizikanalimva. Pa malaya amizeremizere ndi amabokosi imangotchula mtundu umene wachuluka, ina yonse kukhala chete. Mayina a mabatani anabwerera patatha masabata atatu.

Chimene ndikudandaulabe n'chakuti nzeru zonse za mayi aja zinayenera kukhala m'pulogalamu momwemo. Foni imadziwa kukakhala mdima, ine ndi amene sindidziwa. Bwanji osangonena kuti kuno kwada, sindikutsimikiza, pita pa windo? Ikanatero m'mawa uja ndikanaimbira munthu. Mayi aja anati akapereka dandauloli kwa opanga, ndipo ndawakhulupirira, n'chifukwa chake za kubweza ndalama ndazisiya kaye, mapini nawonso sindinawachotse. Koma mnyamata wa mzere wofiira uja sanapepesebe, ndipo imelo yake ndaisunga.