Matayala achisanu a pikapu yolemera: Hakkapeliitta LT3, Blizzak LT kapena DuraTrac?

Amene mumayendetsa pikapu yolemera ngati F-350, Ram 2500 kapena Silverado HD kuno ku Alberta, m'dziko la Canada, mukudziwa kuti Okutobala akangolowa, nkhani ya kuntchito imakhala imodzi: chaka chino muika matayala ati? Ndipo ambiri safunsa kuti logwira bwino pa ayisi ndi liti, amafunsa lokhalitsa. Nzomveka, chifukwa matayala anayi a galimoto zimenezi si ndalama yamasewera, komanso dizilo yokoka ngolo imadya mphira ngati chiswe pa nsungwi.

Ine ndimayendetsa pikapu ya dizilo yokoka ngolo ya zipangizo zomangira, makamaka pa Highway 2 pakati pa Calgary ndi Red Deer, ndipo nthawi zina ndimadutsa mapiri kulowa ku British Columbia. Chimene ndaphunzira n'chakuti moyo wa tayala lachisanu sutha tsiku limene lasalala. Umatha kale, mano akadalipo. A Transport Canada, nthambi ya boma yoona za mayendedwe, amalangiza kuti tayala limene mano ake atsika kufika cha m'ma 4 mm lisayendenso pa sinowo, ndipo m'misewu ya m'mapiri ku British Columbia lamulo limafuna mano osachepera 3.5 mm kuyambira pa 1 Okutobala. Choncho munthu akamadzitama kuti ake atha zaka zisanu, mufunseni kuti pa zaka zisanuzo, ndi zingati zimene galimoto inkaimadi akaponda buleki.

Tisanayerekeze, tichotse kaye matayala amene sayenera kulowa n'komwe m'nkhaniyi. Pikapu yolemera imafuna tayala lolembedwa LT (Light Truck, kutanthauza la mapikapu onyamula katundu), ndipo kawirikawiri la gulu la kulimba lotchedwa Load Range E, limene limalola mpweya mpaka 80 psi. Mwachitsanzo LT275/70R18 yokhala ndi nambala ya katundu 125 imanyamula makilogalamu 1,650 tayala limodzi ikapopedwa mokwanira. Matayala achisanu a magalimoto ang'onoang'ono amakhalapo a saizi yofanana, otchipa ndiponso ofewa bwino, koma sanapangidwire kulemera kumeneku. Werengani kapepala ka pa feremu ya chitseko cha dalaivala, ndipo musagule tayala lonyamula zochepera pa zimene palembedwazo.

Tiyambe ndi Nokian Hakkapeliitta LT3, chifukwa ndi limene ndimalikonda ndipo sindibisa. Kampani yake ndi ya ku Finland, imene inapanga tayala loyamba lachisanu mu 1934, ndipo imayesera matayala ake ku Ivalo, kumpoto kwenikweni kwa dzikolo. LT3 imapezeka ya timisomali, tizitsulo totuluka m'mano tolumira ayisi, toikiratu kufakitale, komanso yopanda timisomali. Timisomali take ndi tachitsulo chosachita dzimbiri, chinthu chofunika m'misewu yothiridwa mchere, ndipo m'mbali mwa tayala analimbitsamo ndi ulusi wolimba wotchedwa aramid kuti mwala kapena dzenje lisang'ambe msanga. Koma chimene chimandikopa pa nkhani ya kukhalitsa ndi ichi: pa ayisi, amene akugwira ntchito yaikulu ndi timisomali, ndiye mphira suyenera kukhala wofewa kwambiri. Tayala lopanda timisomali liyenera kugwira ayisi ndi mphira wokhawokha komanso timing'alu tating'onoting'ono ta m'mano, ndipo kufewa kumeneko n'kumene galimoto yolemera imadya.

Lili ndi zovuta zake. Ndi lodula. Limasokosera pa tala youma, phokoso lija lokhala ngati mukuyenda pa timiyala, ndipo pa ulendo wa maola atatu limatopetsa. Timisomali natonso timadyeka ndi kuthothoka ngati mumanyamuka mwaukali, makamaka masiku oyamba tisanakhazikike. Palinso malamulo: kuno ku Alberta n'tololedwa, ku British Columbia n'tololedwa kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Epulo, koma pakati pa anthu a ku Ontario n'tololedwa kwa okhala kumpoto kokha. Ngati ntchito imakupititsani uku ndi uku, fufuzani kaye musanalipire.

Bridgestone Blizzak LT ndi yopanda timisomali, ndipo inapangidwira dala mapikapu olemera ndi magalimoto antchito. Musaisokoneze ndi Blizzak DM-V2, imene ndi ya ma SUV ndi mapikapu opepuka. Ubwino wake ndi bata: mumayenda pa msewu waukulu wopalidwa bwino osamva phokoso, ndipo pa sinowo wopondedwa kapena wosungunuka imagwira mokhutiritsa. Kwa munthu wa ku Calgary izi n'zofunika, chifukwa mphepo yofunda yotchedwa chinook ikaomba, kutentha kumakwera mwadzidzidzi pakati pa Januwale ndipo mumatha masiku angapo mukuyenda pa tala youma. Masiku otere timisomali timangolira popanda ntchito. Komano masiku omwewo ndi amene mphira wofewa umadyeka kwambiri, makamaka kumbuyo kuli ngolo. Pa ayisi wosalala ngati galasi, wa pamphambano m'mawa kukuzizira koopsa, ine ndimadalira timisomali kuposa mphira uliwonse. Toyo Open Country WLT1 ili m'gulu lomweli, ndipo wosafuna timisomali aiyerekeze ndi Blizzak pa mtengo asanasankhe.

Tsono tifike pa gulu limene limakopa anthu ambiri: matayala oyenda paliponse okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu ndi kanyenyezi ka sinowo, monga Goodyear Wrangler DuraTrac, BFGoodrich KO2 ndi Falken Wildpeak A/T3W. Ganizo lake n'losavuta: gulani kamodzi, yendani chaka chonse, palibe zosinthasintha. Ndipo pa kukhalitsa kwa mphira wokha, awa amapambana awiri aja, popeza mphira wake ndi wolimba ndipo mano ake ndi aakulu. Koma anzanga, chizindikiro chijachi tichimvetse. Mayeso ake amaona mmene tayala limakokera ponyamuka pa sinowo wopondedwa. Saona mmene limaimira, ndipo saliyesa pa ayisi. Matayala awiri akhoza kukhala nacho onse, lina n'kuima bwinobwino pa maloboti, linalo n'kukakusiyani pakati pa mphambano. Nayonso 4x4 imakuthandizani kunyamuka kokha. Poima, galimoto ya matani opitirira atatu, ndi ngolo ikukankha kumbuyo, imadalira mphira umene wakhudza pansi basi.

Sindikunyoza DuraTrac. Mu sinowo wakuya, m'matope a pamalo omangira, m'misewu ya miyala yopita kuzitsime za mafuta, imachita zimene Blizzak singachite, ndipo miyala yakuthwa imene imanyotsola tayala lofewa iyo imapirira. Ya LT imabweranso ndi timabowo toikamo timisomali, ndipo ikaikidwa imasintha kwambiri pa ayisi. Kungoti mukatero yasanduka tayala lachisanu lokha, ndipo phindu lija la kugula kamodzi lapita. Kwa amene ntchito yawo ili m'tchire kwenikweni, odula mitengo ndi a kumigodi, Toyo M-55 ndi dzina limene limatchulidwa kawirikawiri chifukwa cha kulimba, ngakhale kuti pa tala si lofewa ndipo ndi laphokoso.

Amene thumba lafupika, kuli Firestone Winterforce LT ndi General Grabber Arctic LT. Onse ndi achisanu enieni ndipo amalola timisomali. Ingokumbukirani kuti timisomali timaikidwa tayala likadali latsopano, lisanaponde msewu. Mchenga ukalowa m'timabowo mwayi watha.

Pali mbali ina imene dzina la tayala silingakuthandizeni. Matayala anga oyamba achisanu ndinawapha ndekha. Ndinawasiya pagalimoto mpaka Juni poopa mtengo wosinthitsa, ndikukoka ngolo pa tala yotentha, ndipo pofika chisanu chotsatira akumbuyo anali atatsika kale moti sindikanawadalira. Zinandipweteka, chifukwa ndalama imene ndinkapulumutsa inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene ndinataya. Kuchokera pamenepo ndinagula malimu achitsulo apadera, ndipo ndimasintha ndekha pakhomo: ndimaika kutentha kukamakhala pansi pa madigiri 7, ndimachotsa kukangokhazikika pamwamba pake. Akutsogolo ndi akumbuyo ndimawasinthanitsa pafupipafupi, chifukwa dizilo yopanda katundu kumbuyo imazungulitsa matayala akumbuyo pang'onopang'ono pa ayisi inu osamva, ndipo ndi amene amayamba kutha. Matumba angapo a mchenga pamwamba pa ekiselo amachepetsa vutoli. Mpweya ndimayeza m'mawa matayala asanatenthe, popeza kukazizira umatsika wokha, ndipo tayala la LT losakhuta likanyamula katundu limatentha ndi kudyeka m'mbali. Pogula ndimaonanso manambala anayi omalizira a mzere woyamba ndi DOT m'mbali mwa tayala, awiri oyamba ndi sabata, enawo ndi chaka chimene linapangidwa, kuti ndisagule tayala limene lakalambira m'sitolo.

Ndiye nditafunsidwa ndi munthu wokoka katundu, wonyamuka kusanache, wodutsa misewu ya kumidzi kapena Rogers Pass, msewu wa m'mapiri ku British Columbia, ndingamuuze kuti atenge Hakkapeliitta LT3 ya timisomali pa malimu akeake, phokosolo alizolowere. Wa m'tauni ndi msewu waukulu, wosafuna phokoso kapena wokhala kumene timisomali n'toletsedwa, atenge Blizzak LT kapena WLT1, ndipo asachedwe kuwachotsa kukafunda. DuraTrac ndingaipereke kwa amene masiku ake ambiri ali pa miyala ndi matope, koma ngati adzayendanso pa ayisi ndi ngolo, aiikitse timisomali tsiku lomwelo logula.