Bwato la mpikisano wowedza nsomba za mtundu wa walleye: fiberglass kapena aluminiyamu?

Pa nyanja ya Erie, ya pakati pa dziko la America ndi Canada, mphepo ikangowomba mafunde amakula msanga, ndipo apa bwato la fiberglass (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi), monga la kampani ya Ranger, ndiye mwini bwalo. Ndi lolemera, limang'amba mafunde osakupwetekani msana, ndipo mukamakoka nyambo pang'onopang'ono mphepo siilikankhira kumbali chisawawa. Koma mtengo wake ndi woboola m'thumba, komanso limafuna galimoto yamphamvu yolikoka.

La aluminiyamu, monga la kampani ya Lund lopangidwa ku Minnesota m'dziko la America, ndi lopepuka ndipo silimwa mafuta ambiri. Likagunda mwala limangopindika pang'ono, pamene fiberglass imang'aluka. Pamafunde ndiye limadumphadumpha, madzi n'kumakuwazani kumaso.

Wopikisana pa nyanja zikuluzikulu alimbe mtima, agule fiberglass. M'mitsinje ya miyala aluminiyamu ndi yokwana, bola thanki yosungiramo nsomba zamoyo ikhale yaikulu.