Miyezi 11 ndikutsuka makegi a mowa: zomwe ndikugwiritsabe ntchito ndi zomwe ndasiya

Alamu anga a ku Chitungwiza ananditumizira uthenga sabata yatha. Amvekere: "Alamu, mankhwala otsukira makegi munkawatama chaka chatha aja, mukuwatamabe? Ndikufuna ndiitanitse anga." Ndinawauza kuti ayambe adikira, chifukwa nthawi ija ndinkalankhula ndili ndi chimwemwe cha mwana amene wagulidwa nsapato zatsopano, mowa nditangofulula kawiri kokha. Pano ndafulula ka 14, ndipo kamodzi ndinakhuthulira malita 19 onse m'ngalande. Tsopano ndingathe kuyankha.

Katundu wanga ndi yemwe uja: makegi (zigubu zachitsulo zosungira mowa) awiri a Cornelius ogula kwa munthu, a malita 19 iliyonse, amene kale ankasungira zakumwa zoziziritsa kukhosi, botolo la Star San (mankhwala opha tizilombo) la mamililita 473, ufa wotsukira wa PBW, ndi kapampu koviika m'ndowa komwe ndinalumikiza ku paipi yoima kuti kazipopera madzi m'kegi yovundikira. Mankhwalawo anabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, ndinakawalandirira pa siteshoni ya mabasi ya Roadport kuno ku Harare. Mu Epulo muja ndinkauza aliyense kuti ukakhala ndi Star San mowa sungasase. Mawu amenewo ndawabweza.

Mowa wachisanu ndi chiwiri ndi umene unandiphunzitsa. Munali mu Okutobala, kuno ku Mabvuku kukutentha moti ngakhale agalu sankauwa masana. Sabata yoyamba mowa unali bwino. Sabata yachiwiri unayamba kanunkhira ka batala, kenaka kuwawasa kwa chambiko, ndipo pofika sabata yachitatu ukathira m'tambula unkatuluka wa mbuu. Ndinakhumudwa kwambiri chifukwa kegiyo ndinali nditaitsukuluza, kuithira Star San, kuigwedeza mpaka thovu kutulukira pakamwa. Ukasuzumira mkati ndi tochi unkadziona nkhope. Chikomekome cha mkuyu.

Loweruka lake ndinakabwereka sipanala yakuya kwa makaniko wina wa pafupi, ndikumasula timitu tiwiri ta pamwamba pa kegi, kolowera gasi wa CO2 wokankha mowa ndi kotulukira mowa. Chigulireni ndinali ndisanatimasulepo. M'kamutu kotulukira mowa muli kavalavu kakang'ono kokhala pa kasipuling'i, kotalika ngati nsonga ya chala. Kasipuling'iko kanali katamatidwa ndi zinthu zabulauni zonanda ngati therere, ndi tizidutswa touma ta hops, maluwa opatsa mowa kuwawa. Nditanunkhiza, fungo lake linali lomwe lija la m'tambula. Ndinasolola paipi yaitali yofika pansi pa kegi ija, ndikuiloza kudzuwa ngati ndikuyang'ana mumfuti: mkati monse munali utoto wachikasu. Kabulashi kaatali nditakalowetsa kanatuluka kakuda. Mayi a kunyumba anaima pakhomo, nkungoti, "Ndiye alendo aja munkawamwetsa zimenezi?"

Vuto silinali la mankhwala, linali langa. Ntchito ndi ziwiri ndipo ine ndinkaziyesa imodzi. Kutsuka ndi kuchotsa nsenga, yisiti ndi zomata za mowa. Kupha tizilombo kumabwera pambuyo, pa chitsulo choyera kale. Star San ndi wa ntchito yachiwiriyo. Ndi asidi, makamaka wa phosphoric, ndipo amapha zimene wazikhudza, koma mabakiteriya obisala pansi pa litsiro louma sawafika. Amangodutsa pamwamba.

Tsopano kegi ikangotha sindiigoneka. Ndimayamba ndakoka kamphete ka pa chivundikiro kuti mpweya wonse utuluke, chifukwa chivundikirocho chimakanikizidwa ndi gasi kuchokera mkati. Ndikatero ndimakhuthula nsenga za pansi, kutsukuluza ndi madzi pang'ono, ndikumasula chilichonse chomasuka: timitu tiwiri, timavalavu take, paipi yaitali, kapaipi kakafupi ka gasi, ndi timphira tonse tisanu. Timphirato ndi kamodzi kakakulu ka pa chivundikiro, tiwiri ta kunja kwa timitu, ndi tiwiri ta pakhosi pa mapaipi. Zing'onozing'onozi ndimaziviika m'mabakuli awiri osiyana, za gasi pazokha, za mowa pazokha. Timitu timeneti timaoneka ngati mapasa koma sitifanana. Ka gasi kali ndi timipata tochekedwa m'munsi mwake. Tsiku lina ndinatisinthanitsa, ndikukanikiza cholumikizira chakuda cha mowa pa kamutu ka gasi, ndipo kuti chichoke ndinalimbana nacho theka la ola.

PBW ndimathira magalamu pafupifupi 7 pa lita ya madzi otentha, osati owira, oti dzanja silingakhalemo nthawi yaitali. Malita 10 amakwana: mphindi 30 kegi ili chilili, mphindi zina 30 itazondoka. Ufa umenewu ulibe mlandu, umanyamula litsiro popanda kukwecha. Vuto lake ndi kutha msanga ndiponso ulendo umene umayenda kuti ufike kuno. Ufawo utatha mu Disembala ndinayamba kugwiritsa ntchito sodium percarbonate, yemwe ndi mmodzi mwa mankhwala a mu PBW momwemo, ndipo amapezeka mu ufa wina wochotsera mathotho pa zovala. Wofunika ndi wopanda mafuta onunkhira. Pa kegi yotsukidwa tsiku lomwelo sindinaone kusiyana kwenikweni. Pa kegi yomwe inagona masiku anayi ndili ku maliro ku Mufakose, PBW akanandithandiza, chifukwa ndinachita kuviika kawiri. Komanso percarbonate ukamusiya usiku wonse m'madzi a pa mjigo wathu amasiya zoyera zokhakhala pa chitsulo, zosachoka ndi madzi okha.

Nkhani ya madziyi ndi imene olemba malangizo kunja sangaiganize. Amati dzaza, taya, dzazanso, tsukuluza katatu. Madzi a mzinda uno ambiri amachokera ku Lake Chivero, kumadzulo, ndipo ife a kum'mawa kuno tili kumathero a mapaipi. Mlungu umatha mpopi uli gwa. Madzi otsukira kegi ndi omwewo amene mwana wakoka pa wilibala kuchokera pa mjigo, ndiye lita iliyonse ndimaiwerenga. Panopa kegi imodzi imandidyera malita osapitirira 20 pa kutsuka ndi kutsukuluza, ndipo ndimayesetsa kuti makegi onse awiri atsukidwe tsiku limodzi kuti madzi a mankhwala achoke m'modzi kulowa m'mnzake. Otsala amakatsuka kuchimbudzi.

Madzi a pa mjigowo ndi amene anandisokonezanso pa Star San. Muyezo wake ndi mamililita 30 pa malita 19, ndipo botolo lake lili ndi kachipinda koyezera pamwamba, ungofinya. Nditasungunula m'madzi a pa mjigo, m'mawa mwake anali atasanduka ngati madzi otsukira mpunga. Chimachititsa ndi laimu wa m'madzi, amene amafooketsa asidi. Mankhwalawa amagwira ntchito pH, muyezo wa mphamvu ya asidi, ikakhala pansi pa 3, ikakwera pamenepo ndiye kuti mukungosambitsa kegi. Ndinagula timapepala toyezera pH, ndipo ndinapeza kuti wa madzi a pa mjigo ndi wogwiritsa ntchito tsiku lomwelo basi. Mvula itayamba ndinatchera madzi a padenga, kusiya oyamba kuti atsuke malata, kuwasefa ndi kuwawiritsa. Star San wosungunula m'madzi amenewo wakhala miyezi iwiri m'chigubu ali mbee, ndipo kapepala kakusonyezabe kuti ndi wamphamvu. Ndatunga zigubu zitatu zoti zindifikitse m'chilimwe.

Mmene ndimamugwiritsira ntchito ndi mmene ndimakondera kwambiri. Ndikamanga zonse, ndimadzaza kegi ndi Star San mpaka pakamwa, kutseka, kudikira mphindi ziwiri, kenaka kulumikiza gasi wa CO2 ndikukankha madzi onsewo kudzera pa paipi yaitali ija kupita m'kegi inayo kapena kubwerera m'chigubu. Apa zinthu zitatu zimachitikira limodzi: paipi ndi kavalavu zasambitsidwa mkati, mankhwala sanatayike, ndipo m'kegi mwatsala gasi yekha wopanda mpweya wa okosijeni umene umasukulutsa mowa. Thovu lotsalira sinditsukuluza. Poyamba linkandiopsa, koma silimveka mu mowa, ndipo kutsukuluza ndi madzi a pa mjigo kungakhale kubwezeramo tizilombo tomwe wangopha kumene. Botolo lija lidakali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa ndalama zonse zimene ndawononga pa ntchitoyi, imeneyi ndi imene sindidandaula nayo.

Kapampu kaja ndiye ayi. Kakayaka kamagwira ntchito, malita 6 okha amazungulira m'kegi mpaka kuyera. Koma magetsi amabwera usiku anthu atagona, ndipo ine sindidzuka 1 koloko kukatsuka kegi. M'miyezi 11 ndakagwiritsa ntchito kanayi. Komanso sikamasula timitu, ndiye ntchito yeniyeni imatsalabe m'manja. Pano kali m'thanki, kakukweza madzi.

Amalume anga, amene anabadwira ku Dedza ndipo anabwera kuno ali mnyamata, amandiseka akandipeza ndili ndi magolovesi ndi kabulashi. "Mphwanga, agogo ako ankafulula masese zaka zonse zija, mbiya yawo unaionapo ikuthiridwa mankhwala a ku Joni?" Sanama. Koma ndinawayankha kuti, "Amalume, masese amafuna kuwawasa, ndipo mumawamaliza masiku awiri atatu." Mabakiteriya a Lactobacillus amene amapatsa masese ndi chibuku kukoma kwake ndi omwewo amene anandiwonongera mowa wa Okutobala. Kwa agogo anali antchito, kwa ine ndi akuba, chifukwa wanga umakhala m'kegi mwezi wathunthu kapena kupitirira, ndipo amakhala ndi nthawi yoswana. Amalume anangoti, "Ndiye uzimwa msanga," nkutambasula dzanja kuti ndiwaonjezere.

Iwo omwewo ndi amene anandiuza kuti ndingothiramo bulichi. Kuno chichitikireni kolera wa 2008, klorini timamukhulupirira ngati mankhwala a chilichonse, ndipo pa zidebe za madzi akumwa ndi pansi pa nyumba ndi zoona. M'kegi musayerekeze. Klorini amadya chitsulo chosachita dzimbirichi, amaboola timaenje tating'ono tomwe pambuyo pake timasunga litsiro, ndipo kotsalira pang'ono kakakumana ndi mowa kamabweretsa fungo la kuchipatala. Choopsa kwambiri ndi kumusakaniza ndi asidi ngati Star San, chifukwa pamatuluka mpweya wa poizoni. Waya wokwechera mapoto nayenso ndi mdani: amakanda chitsulo ndi kusiya tizidutswa tomwe timachita dzimbiri. Siponji yofewa ikwana. Dzanja langa limalowa pakamwa pa kegi mpaka m'chigongono, pansi ndimafikapo ndi bulashi ya chogwirira chachitali imene sigwira ntchito ina iliyonse.

Madzi owira ndimawagwiritsa ntchito pa timitu ndi timavalavu tokha, makamaka pambuyo pa mowa uja. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndiye madzi amawira pa madigiri 95, osafika 100. Ndimazisiya mphindi 15 m'poto.

Timphira ndinachedwa kusintha. Tomwe tinabwera ndi makegi tinkanunkhabe chakumwa chotsekemera cha zaka zakale, ndipo fungo limenelo ngakhale uviike motani silichoka m'mphira. Mowa wanga woyamba unali ndi kakomedwe kena komwe ndinkati ndi ka chimera, osadziwa kuti ndi kamphira ka pa chivundikiro. Timphira tisanu n'totsika mtengo kuposa china chilichonse pa kegi. Alamu, mukagula kegi yakale, tayani tonse tsiku lomwelo. Tatsopano muzitipaka pang'ono mafuta a silikoni oyenera pa zakudya, osati girisi wa galimoto kapena mafuta odzola. Mukatseka, ikani gasi wa 30 psi (muyezo wa mphamvu ya gasi) kuti chivundikiro chikhale bwino, ndipo wazani Star San pa timitu ndi m'mbali mwa chivundikiro. Pakatuluka timathovu tokula, pamenepo pakudontha. Silinda yanga ina ya gasi inatha usiku umodzi chifukwa cha kamphira kong'aluka kosaoneka ndi maso.

Chatsopano chomwe ndaona mwezi wathawu ndi zotuwa zokhakhala pansi pa kegi yakale kwambiri ija, ngati zomwe zimamera m'ketulo. Ndi calcium oxalate, imene imaunjikana pang'onopang'ono kuchokera mu mowa momwemo, ndipo madzi a laimu amaifulumizitsa. Ufa wotsukira uja suichotsa, imafuna asidi. Ndinaviika pansipo ndi Star San wokhathamira usiku umodzi ndikupukuta ndi siponji, zambiri zachoka, koma m'mphepete mowotcherera mwatsalabe.

Alamu ndawauza kuti aitanitse Star San, timphira ta makegi awiri, kabulashi ka m'paipi ndi sipanala yawoyawo, ya 11/16 kapena 7/8 ya inchi malinga ndi timitu ta kegi yawo, ayeze kaye asanagule. PBW agule ngati m'chikwama muli malo. Pampu asiye. Kuyambira Novembala mowa kasanu ndi kawiri wadutsa wopanda kusasa. Chomwe ndikukayikira tsopano ndi paipi ya pulasitiki yochokera pa kegi kupita ku kampopi kothirira: yayamba chikasu chosachoka ngakhale ndiviike, ndipo ndawapempha alamu omwewo kuti pa oda yawo andionjezerepo mamita atatu.