Tsamba la Eyes on the Solar System: kutsata setilaiti yaing'ono yozungulira mwezi

Kuno ku Mangochi mwezi timaudziwa bwino, chifukwa asodzi a usipa amadandaula kuti ukawala kwambiri nyali zawo sizikopa nsomba, ndipo abale athu achisilamu amauyang'anira kuti adziwe tsiku loyamba kusala. Komabe nditauza ophunzira anga a Fomu 3 kuti anthu anatumiza kabokosi kolemera makilogalamu 25 okha kukazungulira mwezi womwewo, ambiri anaganiza kuti ndikuwanamiza. N'chifukwa chake ndinayesa tsamba la Eyes on the Solar System, limene limaonetsa mmene zombo za mumlengalenga zikuyendera, ndipo bungwe la NASA, loona za mumlengalenga ku America, limalipereka kwaulere pa intaneti.

Tsambali silifuna kuti munthu aike pulogalamu iliyonse mu kompyuta. Mukalitsegula mumalemba dzina la chombo chimene mukufuna, ndipo ife tinalemba CAPSTONE, dzina la kabokosi kaja, setilaiti ya mtundu wa CubeSat (yaing'ono yooneka ngati bokosi) imene inanyamuka ku Mahia m'dziko la New Zealand pa 28 June 2022 ndi roketi ya kampani ya Rocket Lab. Inafika pa njira yake yozungulira mwezi pa 13 November chaka chomwecho, itayenda miyezi yoposa inayi, pamene zombo za Apollo, zimene zinkanyamula anthu kupita kumwezi, zinkatenga masiku atatu okha. Inachedwa dala, pakuti kachombo kochepa chotero sikanyamula mafuta ambiri, choncho kanadzera njira yaitali n'kumadalira mphamvu yokoka ya dzuwa.

Chimene chinandikhutiritsa kwambiri ndi batani lofulumizitsa nthawi. M'mabuku athu njira ya setilaiti imajambulidwa yozungulira bwinobwino ngati mkombero wa lichero, koma ya CAPSTONE ndi yotalika mbali imodzi: imayandikira mwezi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600 kumpoto kwake, kenako n'kutalikira mpaka makilomita 70,000 chakummwera, ndipo ulendo umodzi umatenga pafupifupi sabata. Titafulumizitsa nthawi, ophunzira anaona okha kachomboko kakuthamanga kakayandikira mwezi, kenako kakuchita ngati kaima kakafika kutali. Mtsikana wina amene sakonda kulankhula m'kalasi anaika chala pa sikirini n'kufunsa chifukwa chake kakuchita ulesi kumeneko, ndipo funso limenelo linatilowetsa mu phunziro la mphamvu yokoka, limene ndakhala ndikulifotokoza ndi choko kwa zaka zambiri popanda kulimveketsa chonchi.

Zithunzi zake si za kamera, koma ndi zojambula za kompyuta zochokera pa mawerengero a asayansi, ndipo mphunzitsi ayenera kunena zimenezi poyambirira, apo ayi ana apita kunyumba akukhulupirira kuti aonera kanema wochokera kumwezi. Mawu onse ndi achingerezi, moti ndinkamasulira ndekha.

Vuto lenileni linali lathu. Pa foni yanga yakale tsambali linkangoima, ndipo bandulo imene ndinagula m'mawa inatha phunziro lisanafike pakati, netiweki nayo ikubwera n'kumachoka. Tsiku lachiwiri ndinabwereka laputopu, ndinaitchaja usiku poopa kuthima kwa magetsi, ndipo ndinatsegula tsambalo ophunzira asanalowe kuti zithunzi zikhale zitabwera kale. Mphunzitsi wofuna kuliyesa achite chimodzimodzi, ndipo agawe ana m'magulu a anthu khumi, chifukwa ana makumi asanu ndi limodzi sangaone kadontho kamodzi pa sikirini imodzi.