Kayak yopopa ya PVC patatha miyezi pa mitsinje ya m'chipululu

Kayak imeneyi ndi bwato lopalasa lopopa mpweya, lopangidwa ndi pulasitiki yofewa yotchedwa PVC. Ndi la mipando iwiri, lokhala ndi zipinda zitatu za mpweya: ziwiri m'mbali, chimodzi pansi. Pamadzi odekha, monga a Labyrinth Canyon pa mtsinje wa Green ku Utah, ntchito yake likuigwirabe bwino. Akuluakulu awiri ndi mwana pakati amakwanamo, ndipo mwana akaweramira kunja kuti agwire madzi, silipendekeka ngati bwato lolimba lopyapyala. Miyala, imene ambiri amaiopa pogula, yangolikanda pang'ono. Zimene zalikalambitsa ndi dzuwa ndi mchenga.

Vuto lalikulu ndi mpweya. Zipinda za m'mbali za mabwato otere zimafuna 2 mpaka 3 psi basi (psi ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya wopopedwa). Mukapopa 2.5 psi m'mawa kukutentha 20°C, kenako n'kulisiya pamchenga masana mpaka mpweya wamkati utafika 50°C, geji itha kupitirira 4 psi. Nthawi yomweyo guluu wa m'misoko amakhala atafewa ndi kutenthako. Msoko suphulika tsiku limenelo ayi. Umayamba kutukuka pang'onopang'ono kumapeto, pomwe mbali ziwiri zimakumana kutsogolo, ndipo pakatha miyezi mumaona kamzere koyera kumene nsalu yayamba kusiyana. Choncho mukaima kuti mudye, siyani bwatolo m'madzi mutalimangirira, kapena phwetsaniko mpweya mpaka chala chizilowa mukadina. Zosiyana zake zimachitika m'mawa: madzi ozizira amalifewetsa, ndiye onjezerani mpweya patatha mphindi 10 mutaliika pamtsinje, apo ayi limapindika pakati n'kumalemera popalasa.

Mavalavu ake opopera mpweya, a mtundu wa Halkey-Roberts, ndi abwino, koma kamchenga kamodzi kokha kakakhala pa labala yake, bwato limagona usiku lili gwa, m'mawa n'kulipeza lafota. Ambiri amayamba kusaka bowo lomwe kulibe. Pakani madzi a sopo pavalavu kaye. Thovu likatuluka pakati, tsukani ndi madzi oyera uku mukudina kamtengo kake kangapo. Likatuluka m'mphepete, valavu yamasuka, imangeni ndi sipanala yake yapulasitiki. Sipanala imeneyi isamatsale kunyumba.

Mchenga wina umabisala pakati pa chipinda cha pansi ndi cha m'mbali. Pamenepo umakhula nsalu nthawi zonse ana akasuntha mapazi, ndipo malowo ndi amene ayamba kuyera msanga kuposa ena onse. Kungothira madzi pamwamba sikuthandiza. Phwetsani chipinda cha pansi, tsegulani mpatawo ndi dzanja, mutsuke.

Mabowo enieni amabwera ndi minga ya kumtunda, osati mumtsinje, makamaka pokoka bwato kupita nalo pansi pa zitsamba. Linyamuleni anthu awiri. Pomata, pukutani ndi spiriti, dulani chigamba chopanda ngodya chopitirira bowo ndi masentimita 5 mbali zonse, pakani guluu wa PVC mbali ziwiri, ndipo dikirani maola 24 musanapope mokwanira. Muli paulendo simungadikire chotero, ndiye tepi ya Tear-Aid Type B, yopangidwira vinyl (dzina lina la PVC), imakufikitsani kotulukira mumtsinje.

Chipsepse cha pansi n'chothandiza pamadzi akuya, koma pamilu ya mchenga yobisika chimakodwa, ndipo njanji yake ndi imene imamatuka. Madzi akachepa, ingochichotsani. Bwato limapotoloka pang'ono, koma wopalasa wakumbuyo amawongola ndi nkhafi.

Chomwe sichingakonzeke ndi vuto la mphepo. M'zigwa zoterezi nthawi zambiri imadzuka masana ikuwomba mokwera mtsinje, ndipo bwato lopopa, poti limakhala pamwamba pamadzi, limabwezedwa m'mbuyo ngakhale mukupalasa. Banja lokhala ndi ana linyamuke m'mamawa n'kukhala litamanga msasa mphepo isanakule. Katundu wolemera, makamaka madzi akumwa, osachepera malita 4 pa munthu patsiku, aikidwe pansi kutsogolo kuti mphuno ya bwato isanyamuke. Madziwa amadya malo ambiri, moti paulendo wa masiku angapo bwato limodzi silikwanira banja la anthu anayi.

Mipando ndiyo yafooka kwambiri: malamba ake achucha mtundu ndipo zomangira zapulasitiki zimaterera zikadzaza matope. Musanasunge bwatolo, liumitseni pamthunzi mpaka m'makona mouma, chifukwa lopindidwa lonyowa limachita nkhungu, ndipo musamapinde pamzere womwewo nthawi zonse.