Fulasiki, phala la m'paketi ndi mapampasi: mmene zandiyendera patatha miyezi 9

Sabata yomwe mwana wanga anakwanitsa miyezi 6 ndinakwera kabaza kupita ku msika wa pa boma, n'kukagula zinthu zitatu: fulasiki ya malita awiri, mapaketi a phala lija longothira madzi otentha, ndi bandulo lalikulu la mapampasi. Ndinali nditatheratu. Ku ntchito ndinabwerera mwana ali ndi masabata 8 okha, chifukwa ndi tchuthi chomwe lamulo la ntchito limapereka, ndipo miyezi yonseyo ndinkafinya mkaka m'kapu m'mawa, masana n'kuthamangira kunyumba kukayamwitsa. Ndiye itakwana nthawi yoti ayambe kudya, ndinati zoti ndizidzuka m'bandakucha kukoleza mbaula, ine ayi. Masabata oyamba ndinkauza mayi aliyense pa sikelo kuti ndapeza mpumulo. Pano mwana ali ndi chaka ndi miyezi 3, ndipo mwa zomwe ndinanena nthawi ija, zina ndingazibwereze, zina ndingazimeze.

Ndiyambe ndi phala, chifukwa ndi lomwe linatikanganitsa pakhomo.

Phala la m'paketi silinama pa nkhani ya changu. Madzi otentha, supuni zingapo, kutakasa, basi mwana akudya. Usiku wina magetsi atazima, makala atatha, mwana akulira, ndinalipanga ndi tochi ya foni mkamwa, ndipo ndinaliyamika kuchokera pansi pa mtima. Mng'ono wanga amene amatsala ndi mwana sankalakwitsa, chifukwa muyeso unalembedwa papaketi. Koma paketi imodzi sinkatha ngakhale sabata, ndipo mwana akamakula m'pamenenso imafulumira kutha. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chobwera m'katoni chimangokwera mtengo, ndiye mwezi wachiwiri ndinaona kuti ndalama ya phala la kamwana kamodzi yayamba kulimbana ndi ya ndiwo za banja lonse.

Vuto lalikulu silinali ndalama. Phala lomwe ndinkagulalo linali lotsekemera, ndipo mwana analizolowera moti tsiku lomwe apongozi anamuphikira la mgaiwa analilavula n'kutseka pakamwa. Apongozi sanakalipe. Anangoika chipande pansi n'kunena kuti, "Mayi a mwana, ameneyu akadzakula muzidzamugulira nsima ya m'paketi?" Ndinaseka, koma zinandilowa. Pa sikelo mwezi umenewo mzere wa m'buku lake unali bwinobwino, sindinganame kuti anaonda, koma mlangizi wa zaumoyo atandifunsa kuti mwana wadya chiyani dzulo, ndinatchula chinthu chimodzi katatu. Anandikumbutsa za magulu 6 a zakudya aja: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Kenako anati, "Amayi, mukukhala pa Mangochi, usipa uli pakhomo panu, mwana asaudziwe?"

Apa ndinalumphira mbali ina, n'kulakwitsanso. Kwa masabata atatu ndinayesa kukhala mayi wochita zonse ndi manja: kusinja nsinjiro mu mtondo m'mawa uliwonse, kusefa, kukoleza moto, kuphika, kenako kusamba n'kuthamangira ku ntchito. Ndinachedwa kangapo, ndinapsa chala, ndipo tsiku lina ndinakalipira mng'ono wanga pa nkhani ya sefa yomwe ndinaiika ndekha padenga la khitchini. Anthu amene amati zonse uzipanga wekha nthawi zambiri amakhala ndi wina wowatungira madzi.

Chomwe chatithandiza mpaka lero ndi kusonkhanitsa ntchito yonse yolemetsa pa Loweruka limodzi pamwezi. Ndimayeza mbale 4 za chimanga ndi mbale imodzi ya soya. Soyayo ndimasankha, kumukazinga mpaka atanunkhira, kumupukusa kuti makoko achoke, n'kupeta. Osakazinga bwino amanunkha chiwisi ndipo amatupitsa mwana m'mimba. Kenako zonse pamodzi ku chigayo. Si nzeru yanga, ndi mmene Likuni Phala amapangidwira, chimanga ndi soya, phala lomwe linatenga dzina la chipatala cha mishoni cha Likuni ku Lilongwe. Usipa ndimagula wouma bwino, wopanda mchenga wambiri, kuukazinga pang'ono, kuusinja, n'kusefa kawiri kuti kaminga kasatsale. Mtedza ndimasankha umodziumodzi, wofota ndi wachuku wonse kutaya, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni amene sachoka ngakhale uphike bwanji.

Ulendo woyamba ndinasakaniza zonse m'ndowa imodzi, ufa, nsinjiro ndi usipa, poganiza kuti ndachenjera. Kutentha kwa Okutobala kuno mukukudziwa. Pasanathe masabata awiri ufa wonse unkanunkha mafuta owonongeka, ndipo unathera nkhuku za aneba. Pano ufa wa chimanga ndi soya uli m'ndowa yake yotseka, usipa m'kabotolo kake, ndipo nsinjiro ndimasinja za sabata imodzi basi. M'mawa ndi kungotapa apa ndi apo. Phalalo likhale lolimba, losayoyoka pa supuni, osati lamadzi lija timati mwana ameze msanga, chifukwa limangodzaza kamimba popanda kanthu. Tsiku lina ndimathiramo dzira, lina nkhwani zosinja kapena ufa wa cham'mwamba, ndipo nyengo ya mango ndimamufinyira lakupsa pambali. Kuti asiye kufuna zotsekemera zinatenga pafupifupi mwezi, ndikusakaniza la m'paketi ndi lathu, n'kumachepetsa la m'paketilo pang'onopang'ono. Nthochi yakupsa inathandiza kuposa china chilichonse.

La m'paketi sindinalisiye, ndipo sindichita nalo manyazi. Paketi imodzi imakhala m'kabati nthawi zonse, pano imatha mwezi. Ndi la paulendo, monga tikamapita kwa amayi ku Namwera kapena ku maliro komwe sungapemphe mbaula ya eni ake, ndiponso la masiku omwe ine ndadwala. Pamene ndinagona ndi malungo masiku anayi, bambo a mwana anamudyetsa lomwelo, ndipo palibe anafa nazo.

Fulasiki ndiyo yandidabwitsa. Ndinaigula ngati chongothandizira phala la m'paketi, koma mwa zitatu zija ndi yokhayo yomwe ikasweka lero, mawa ndikagula ina ngakhale pa ngongole. Madzulo tikatha kuphika nsima, makala akadali ndi moto, ndimawiritsa madzi n'kuthiramo. M'mawa amakhala akadali otentha kwambiri, ndiye phala limayamba kubwadamuka mwamsanga, makala osatha ambiri. Madzi akumwa a mwana amachokeranso momwemo, ndimangowaziziritsa m'kapu yotseka. Ife a kuno sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inavuta kwambiri m'boma lathu lino makamaka m'mbali mwa nyanja, ndiye madzi osawiritsa mwana wanga samwa, kaya achokera pa mpopi kaya pa mjigo.

Zofooka zake zilipo. Chivindikiro cha pulasitiki chinayamba kudontha mwezi wachisanu, ndipo ndinachita kuyenda magolosale angapo kuti ndipeze chokwana. M'kati mwake ndi mwa galasi, ndiye pano mwana wayamba kuyenda ndi kukoka chilichonse, imakhala pamwamba pa kabati. Ndinayesanso kusungiramo phala lophikaphika kuti lifike masana. Musayese. Pofika 12 koloko linali litasasa, ndipo fungo linakanirira masiku atatu ngakhale ndinatsuka ndi soda. Fulasiki yanga ndi ya madzi basi. Phala la masana mng'ono wanga amaphika lina, ndi madzi a m'fulasikimo, ndipo silitenga nthawi.

Za mapampasi ndinena mwachidule. Usiku amagwira ntchito: mwana amagona, ine ndimagona, matilesi sanyowa. Masana m'nyengo yotentha ndi nkhanza. Mu Novembala mwana anasupuka m'mphechepeche mpaka ankalira ndikamamusambitsa, ndipo zinapola titabwerera ku matewera ansalu ndi kumusiya maola ena osavala kanthu pa mkeka. Dzuwa la Mangochi limaumitsa thewera usanamalize kutsuka mbale, ndiye kuchapa sikundiopsa, kupatula Januwale ndi Febuluwale pomwe matewera ankachita kupachikidwa m'nyumba monse ngati mbendera, ndipo miyezi iwiri imeneyo ndinagula mapampasi ambiri. Chomwe palibe anandiuza ndi kotaya. M'chimbudzi chokumba amadzazitsa msanga, kuwotcha sapsa bwino chifukwa amakhala onyowa, ndipo pa dzala agalu amafukula n'kukasiya pakhomo pa aneba. Tinachita kukumba dzenje lakuya kuseri n'kumavindikira ndi lata. Amene amakataya mu Shire, ameneyo ndilibe naye mawu abwino, poti ndi madzi omwewo ena akuchapira ndi kusamba kumunsi.

Pano timagwiritsa ntchito pampasi mmodzi usiku, ndi wina tikamapita ku sikelo kapena ku tchalitchi. Bandulo lomwe linkatha masabata awiri likufika mwezi ndi theka.

Apongozi anabwera sabata yatha kuchokera ku Malindi ndi kathumba ka usipa. Anakhala pa khonde n'kumaonerera mdzukulu wawo akudya phala lathu, akulanda supuni kuti adzidyetse yekha. Atalowa m'nyumba anatsegula kabati kufuna shuga, n'kupeza paketi ija. Anaitembenuza, kuiyang'ana, n'kuibwezera pamalo pake. Pochoka anandifunsa komwe ndinagula fulasiki, akuti akufuna yawo ya tiyi wa m'mawa.