Franschhoek ndi mudzi wokongola, koma kampani ya ulendoyi inatiphikira vinyo

Nyenyezi ziwiri basi, ndipo ziwirizo ndapereka chifukwa cha mudziwo, osati kampani imene inatinyamula ku Cape Town. Pa marandi onse aja amene amatchaja pa ulendo wa tsiku limodzi, n'zosamveka kuti minibasi yonyamula anthu okagula vinyo ikhale yopanda ngakhale kabokosi ka ayezi.

February ku Franschhoek ndi nyengo yokolola mphesa, komanso ndi nthawi imene dzuwa limaswa mtengo. Mudziwo uli m'chigwa chotchingidwa ndi mapiri mbali zitatu, ndiye masana kufika madigiri 35 si zachilendo. Pa famu yoyamba tinagula mabotolo cha m'ma 10 koloko m'mawa, dalaivala n'kunena kuti tiike kumbuyo kwa galimoto, asamala yekha. Kusamala kwake kunali kuimika galimoto padzuwa, mawindo otseka, kwa maola anayi. M'galimoto yotsekedwa chonchi kutentha kumapitirira madigiri 50, pamene vinyo amasungika bwino pa madigiri 12 mpaka 15. Akatentha amafufuma n'kukankha chitsekerero, ndipo akazizira amabwerera pansi n'kukokera mpweya mkati, ndiye pakapita masabata ochepa amayamba kusasa. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: chitsekerero chimatukuka pang'ono, ndipo pakhosi pa botolo pamakhala kamzere konanda. Mabotolo awiri a vinyo wofiira tinawapeza ali choncho. Vinyo wotere amamveka ngati jamu wopserera, ndipo ngakhale mumusunge mufiriji sabata yonse sabwerera mwakale. Titadandaula, dalaivalayo anati mowa suwonongeka ndi dzuwa. Ku ofesi yawo anangoti katundu wa kasitomala si udindo wawo. Munthu wonyamula alendo tsiku ndi tsiku kuminda ya mphesa angalankhule zimenezo?

Wotsogolera alendo nayenso anandikhumudwitsa. Papulogalamu analemba kuti tidzamva mbiri ya mudzi, koma pa chipilala cha Huguenot Monument anatipatsa mphindi khumi zojambula zithunzi, kenako n'kutithamangitsira ku shopu ya mphatso imene zikuoneka kuti amadyapo kanthu. Chonsecho mbiri ndi imene imapangitsa malowa kukhala osiyana ndi midzi ina. Mu 1685 mfumu Louis XIV ya ku France inathetsa lamulo limene linkateteza Apulotesitanti a m'dzikomo, otchedwa Huguenot, ambiri n'kuthawira ku Holland, ndipo ena mwa iwo anafika ku Cape mu 1688. Bwanamkubwa Simon van der Stel anawagawira minda m'chigwa chimene chinkatchedwa Olifantshoek chifukwa cha njovu zimene zinkabwera kumeneko. Dzina la Franschhoek, kutanthauza ngodya ya Afalansa, linabwera pambuyo pake, ndipo n'chifukwa chake mafamu mpaka lero ali ndi mayina ngati La Motte, Cabrière ndi La Dauphine. Chipilalacho chinatsegulidwa mu 1948. Mayi amene waima pamenepo wanyamula Baibulo kudzanja lamanja ndi unyolo woduka kumanzere. Zonsezi sanatchule n'komwe. Sanatchulenso akapolo amene ankalima minda imeneyi mpaka anamasukiratu mu 1838, kapena mudzi wa Pniel womwe tinadutsa pamsewu, umene unayamba mu 1843 ngati mishoni ya akapolo omasulidwa, kapena mchitidwe wakale wolipira antchito ndi vinyo umene unawononga mabanja ambiri m'mafamu a ku Cape. Kuuza alendo za Afalansa okha n'kuwanamiza theka.

Koma ndinene chilungamo, mtima unatsika pa famu yomaliza, ndipo apa kampaniyi inasankha bwino. Bambo wogwira ntchito m'chipinda chosungiramo vinyo anatifotokozera za Cap Classique, vinyo wa thovu amene amapangidwa mofanana ndi wa ku dera la Champagne ku France, ndipo amaidziwadi ntchito yawo. Mphesa za Chardonnay ndi Pinot Noir amazithyola msanga, mu January, zisanatsekemere kwambiri, kuti vinyo akhale wowawasa bwino. Akawira koyamba amamuthira m'mabotolo ndi yisiti komanso shuga wokwana pafupifupi magalamu 24 pa lita, n'kutseka ndi kachitsulo ngati ka botolo la zoziziritsa kukhosi. Yisiti ikamadya shugayo mpweya umasowa kothawira, n'kusungunukira m'vinyomo, mphamvu yake kufika pafupifupi katatu ya mpweya wa m'tayala la galimoto. Botolo limagona ndi nsenga zake chaka kapena kuposerapo, ndipo fungo la buledi limene vinyoyu amakhala nalo limachokera pamenepo. Kenako amalizondotsa pang'onopang'ono, akulitembenuza, mpaka nsenga zonse zitsikire kukhosi. Khosilo amaliumitsa ndi kuzizira, n'kutsekula kuti kachibuluma ka nsenga katuluke, kenako amadzazanso botolo ndi kutseka ndi chitsekerero chomanga ndi waya. Shuga akachuluka botolo limaphulika, akachepa thovu silikhala. Anatiphunzitsanso katsekulidwe kake: vinyo akhale pa madigiri 6 mpaka 8, botolo lipendekeke, dzanja limodzi ligwire chitsekerero, ndipo muzungulitse botolo, osati chitsekererocho. Ola limodzi limenelo linali laphindu kuposa tsiku lonse.

Chakudya chamasana chinali chabwino koma chochepa. Msewu waukulu wa m'mudzimo, wokhala ndi tchalitchi choyera cha Dutch Reformed, munthu atha kuuyenda wapansi osatopa.

Kwa abale amene muli ku Cape Town ndipo mukufuna kupita, mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 75, ola limodzi ndi pang'ono. Ngati mukwera ndi kampani ngati iyi, funsani musanalipire ngati ali ndi bokosi la ayezi komanso kuti ku myuziyamu ya Huguenot mukhalako nthawi yaitali bwanji. Vinyo gulani pa famu yomaliza, kapena pemphani famuyo ikutumizireni kunyumba, ndipo wa thovu musamusiye m'galimoto yoima padzuwa ngakhale theka la ola. Ndalama ya mabotolo awiri aja sanabweze mpaka pano, ndipo kalata yachitatu imene ndinawalembera sanayankhe.